Nyengo yabwino yopitira ku Karonga kuchokera ku Chitipa

Ogwira ntchito m'boma ambiri a ku Chitipa amatsikira ku Karonga kangapo pa chaka. Ena amapita pa ntchito za ofesi, ena ku misonkhano ndi maphunziro, pomwe ena amapitako pa tchuthi ndi mabanja awo kukaona nyanja. Ngakhale ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 100 okha, maboma awiriwa amasiyana kwambiri nyengo, kotero kuti mwezi womwe uli wabwino ku Chitipa ukhoza kukhala wovuta m'mbali mwa nyanja.

Kwa amene ali ndi mwayi wosankha okha tsiku, nyengo yabwino yopitira ku Karonga ndi kuyambira kumapeto kwa Meyi kufikira kumayambiriro kwa Seputembala, makamaka miyezi ya Juni, Julaye ndi Ogasiti. Miyezi yofunika kusamala nayo ndi Malichi ndi Epulo, pomwe mvula imachuluka ndipo mitsinje imasefukira, komanso Okutobala ndi Novembala, pomwe kumatentha koopsa. Tsoka ilo, Malichi ndi Epulo ndiyo miyezi yomwe chaka cha chuma cha boma chimatha ndi kuyamba, ndipo maofesi ambiri amakhala pa liwiro lomaliza ntchito zomwe zinatsalira.

Kufunika kwa Karonga kwa anthu a ku Chitipa

Karonga ndiyo tauni yaikulu kwambiri mwa matauni onse a dziko lino omwe ali m'mphepete mwenimweni mwa nyanja ya Malawi. Kalembera wa anthu wa mu 2018 anapeza anthu 61,609 m'tauniyi ndi anthu 365,028 m'boma lonse la Karonga, pomwe boma la Chitipa linali ndi anthu 234,927. Kupatula mizinda inayi ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, panalibe tauni ina yoposa Karonga pa chiwerengero cha anthu.

Likulu la chigawo cha zaulimi cha Karonga ADD, chomwe chimayang'anira maboma a Karonga ndi Chitipa, lili m'tauni yomweyi. Chimodzimodzinso likulu la dayosizi ya Katolika ya Karonga, yomwe inakhazikitsidwa mu 2010 ndipo imafika ku Chitipa konse. Kuonjezera apo, munthu wochokera ku Chitipa wofuna kuyenda pa msewu wa phula kupita ku Mzuzu kapena ku Lilongwe amayenera kudzera ku Karonga, komwe msewu wa M26 umakumana ndi wa M1. Chipata cha Songwe, cholowera m'dziko la Tanzania, chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumpoto kwa tauniyi.

Ubale wa maboma awiriwa si wa lero. Msewu wa Stevenson, womwe unayamba kulambulidwa m'zaka za m'ma 1880 pofuna kulumikiza nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika, unayambira ku Karonga n'kukwera kudzera ku dera la Chitipa, komwe atsamunda anadzamanga linga lomwe analitcha Fort Hill. Kuyambira nthawi imeneyo, Karonga yakhala khomo la Chitipa lotulukira kunyanja.

Chifukwa chomwe nyengo imasiyanira

Gwero la kusiyanaku ndi kukwera ndi kutsika kwa malo. Boma la Chitipa lili pamtunda, mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pa msinkhu wa nyanja zamchere, pomwe tauni ya Karonga ili m'chigwa, mamita osafika 500. Choncho munthu wochoka pa Chitipa Boma amatsika mamita pafupifupi 800 m'maola awiri okha. Mpweya umafunda ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse omwe munthu watsika, ndipo ichi ndicho chifukwa chake ku Karonga kumatentha kuposa ku Chitipa mwezi uliwonse wa chaka, usana ndi usiku womwe.

Kusiyana kwachiwiri kuli pa kagwedwe ka mvula. Ku Chitipa mvula imayamba kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, imagwa kwambiri kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo pofika mu Epulo imakhala ikutsazika. Ku Karonga zinthu sizitero. Mwezi womwe mvula imagwa kwambiri m'tauniyi kawirikawiri ndi Malichi, ndipo kumpoto kwa bomali, chakufupi ndi mtsinje wa Songwe, mvula yamphamvu imapitirira mu Epulo mpaka kulowa mu Meyi. Izi zimachitika kaamba koti kumapeto kwa dzinja mphepo imayamba kuomba kuchokera kummwera chakummawa, n'kutenga chinyezi pa nyanja, ndipo ikafika pa mapiri omwe azinga mutu wa nyanjayi imakwera n'kusanduka mitambo ya mvula.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Poona kuti kwawo kwayamba kuyera ndipo chimanga chikuuma m'munda, amaganiza kuti mvula yatha paliponse, osadziwa kuti kunyanja ndi pomwe yafika pachimake.

Chachitatu ndi mitsinje. Mtsinje wa North Rukuru umachokera ku mapiri a Nyika, wa Lufilya umachokera ku mapiri a m'boma la Chitipa, ndipo wa Songwe umatenga madzi a ku Misuku ndi a mbali ya Tanzania. Yonseyi imatsikira m'chigwa cha Karonga isanathire m'nyanja. Kotero mvula yomwe yagwa usiku ku mapiri a Chitipa ikhoza kusefukira ku Karonga kutacha, ngakhale m'tauniyo simunagwe dontho ndi limodzi lomwe.

Disembala mpaka Febuluwale

Iyi ndi miyezi ya dzinja m'maboma onse awiri. Ku Karonga kumakhala kotentha komanso kwachinyezi, ndipo mvula imabwera ndi mabingu, kawirikawiri usiku kapena m'mamawa. Dziko limabiriwira, fumbi limatha, ndipo mapiri a Livingstone a ku Tanzania amaoneka bwino tsidya la nyanja mvula ikangokata. Mango amakhala ali ponseponse mu Disembala. Pa nyanja pamaomba mphepo ya mpoto, yomwe imabwera mwadzidzidzi pamodzi ndi mkuntho.

Ulendo wa pa phula kuchokera pa Chitipa Boma umatheka bwino m'miyezi imeneyi. Vuto limakhala kwa ochokera kumadera monga Nthalire, Wenya, Misuku ndi Kameme, omwe amayamba ayenda mtunda wautali pa misewu yadothi asanafike pa M26. Mvula ikagwa usiku, ulendo womwe unayenera kuyamba m'mawa umadikira kuti msewu uyambe wauma. Wokonza msonkhano ku Karonga m'nyengoyi ayenera kupatsa anthu a kumadera amenewa tsiku lathunthu loyendera, osayembekezera kuti anyamuka mbandakucha n'kufika msonkhano usanayambe.

Udzudzu umaswana kwambiri m'madambo ndi m'minda ya mpunga, ndipo chiwerengero cha odwala malungo chimakwera kuyambira Januwale kufikira cha mu Meyi. Anthu ochokera kumadera ozizira a kumapiri sayenera kupeputsa zimenezi. Asanalipire chipinda pa malo ogona alendo, ndi bwino kuonetsetsa kuti muli neti yosang'ambika.

Sabata ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano malo ogona a m'mbali mwa nyanja amadzaza ndi anthu a pa tchuthi, choncho si nthawi yokonzera misonkhano ya boma.

Malichi mpaka pakati pa Meyi

Iyi ndi nyengo yofunika kusamala kwambiri. Nthaka imakhala itakhuta madzi a miyezi itatu, mitsinje imakhala yodzaza, ndipo mvula imachuluka. Madera a T/A Kilupula ndi T/A Mwakaboko, kumpoto kwa tauni, pamodzi ndi midzi ina ya m'dera la Kyungu yomwe ili m'mbali mwa North Rukuru, ndiwo amakhudzidwa kawirikawiri ndi madzi osefukira, monga zinachitikira mu Epulo 2011 pomwe mabanja ambiri anasowa pokhala.

Madzi akasefukira, sukulu ndi matchalitchi zimasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Bwanamkubwa ndi akuluakulu a khonsolo amatanganidwa ndi kuwerenga mabanja okhudzidwa komanso kugawa thandizo mogwirizana ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA. Galimoto za boma zimapita ku ntchito yomweyo. Mlendo wobwera ndi nkhani yomwe ikanatha kudikira amapeza maofesi opanda eni ake, ndipo akaumirira kuti amuthandize amasanduka mtolo kwa anzake omwe ali pa ntchito yopulumutsa miyoyo.

Ngozi ina ndi matenda a m'mimba. Zimbudzi zikagwa ndipo madzi oipa akalowa m'zitsime, kolera sachedwa kubuka. Mliri wa kolera womwe unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo Karonga, anakhudzidwa. Oyenda m'nyengoyi ayenera kumwa madzi owiritsa kapena othira mankhwala, kudya chakudya chotentha ndi kusamba m'manja ndi sopo.

Opitirira ulendo kummwera ayenera kukumbukiranso kuti pa chikweza cha Chiweta, pa msewu wa M1 wopita ku Mzuzu, miyala ndi dothi zimagumukira mu msewu nthawi ya mvula yamphamvu.

Pali ntchito zina zomwe sizingasunthidwe. Alangizi a zaulimi amayenera kuona mbewu zili m'munda kuti apereke chiyerekezo cha zokolola, azaumoyo amayenera kufika komwe kwabuka matenda, ndipo oona za misewu ndi milatho amafunika pomwe madzi aononga. Kwa amenewa funso si la nyengo yabwino koma la kukonzekera: galimoto yamphamvu, mafuta okwanira, kuyenda masana okhaokha, ndi kusawoloka mtsinje kapena mlatho womwe madzi adutsa pamwamba.

Kumapeto kwa Meyi mpaka Ogasiti

Pofika kumapeto kwa Meyi mvula imakhala itatha, mitsinje yaphwa ndipo misewu yadothi yauma. Pomwe ku Chitipa anthu amakhala akuotha moto, usiku kukuzizira kufika pa madigiri 12 kapena kutsikirapo, ku Karonga kumakhala kofunda bwino. Masana kutentha sikufika kawirikawiri pa madigiri 30, ndipo usiku munthu amagona tulo tabwino atafunda chofunda chopepuka. Kwa munthu wa ku Chitipa, mwezi wa Julaye ku Karonga umafanana ndi masiku otentha pang'ono a kwawo. Anthu okhala m'chipinda cha msonkhano amatha kutsatira zokambirana tsiku lonse popanda kuwodzera ndi kutentha, ngakhale magetsi atazima.

Iyi ndi nyengonso ya masika. Mpunga wa Kilombero, womwe Karonga imatchuka nawo kaamba ka kununkhira kwake, umakololedwa kuyambira mu Meyi mpaka mu Julaye m'madera monga Kaporo komanso m'masikimu a Lufilya, Wovwe ndi Hara. Ofuna kugula mpunga watsopano wa pakhomo amaupeza wambiri m'miyezi imeneyi, mtengo usanayambe kukwera monga umachitira chaka chikamapita kumapeto. Chakudya chimakhala chochuluka m'midzi, ndipo alendo amalandiridwa ndi mbalagha, chakudya cha Angonde cha nthochi zophika pamodzi ndi nyama, komanso chambiko, mkaka wowawasa wa ng'ombe. Anthu akamaliza kukolola ndi pomwe magule monga mapenenga amavinidwa m'midzi.

Kwa ogwira ntchito zofuna kukumana ndi anthu a m'midzi, kusiyana kwa Juni ndi Ogasiti n'kofunika. Mu Juni alimi ambiri amakhala akadali m'minda kumweta ndi kupuntha mpunga, ndipo msonkhano wa m'mawa supeza anthu. Kuyambira pakati pa Julaye ntchito ya kumunda imachepa ndipo anthu amapezeka pakhomo. Choncho Juni ndi wabwino pa misonkhano ya m'tauni, pomwe Ogasiti ndi wabwino pa misonkhano ya mafumu, makomiti a chitukuko ndi ntchito zoyendera midzi.

Udzudzu umachepa m'nyengoyi koma sutheratu, chifukwa m'mbali mwa nyanja ndi m'masikimu a mthirira madzi amakhalapo chaka chonse. Neti imafunikabe.

Chenjezo pa mphepo ya mwera

Nyengo yabwino ya pamtunda si nyengo yabwino ya pamadzi. Kuyambira mu Meyi kufikira mu Seputembala pa nyanja pamaomba mphepo ya mwera, yochokera kummwera. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 550 kuchokera kummwera kufika kumpoto, ndipo mphepo ikamaomba motsata utali umenewu mafunde amanka nakula. Pofika kumpoto amakhala aakulu zedi. Mwera ukhoza kuomba masiku angapo motsatizana, kenaka n'kuleka, nyanja n'kukhala bata.

Mbiri ili ndi phunziro lowawa pa nkhaniyi. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya inamira pa nyanja itakumana ndi namondwe kufupi ndi Chitimba, kummwera kwa Chilumba, ndipo anthu 145 anafa. Ngati sitima yachitsulo inagonja, bwato kapena boti laling'ono lodzaza anthu silingalimbe.

Nthambi yoona zanyengo imapereka machenjezo a mwera pa wailesi ndi pa masamba ake a pa intaneti, ndipo wokonza ulendo wa pamadzi ayenera kuwatsatira. Asodzi a pa doko nawo amaidziwa nyanja. Iwo akakokera mabwato kumtunda, mlendo asakakamize ulendo. Ana asasambe pomwe pali mafunde, ndiponso aliyense apewe kusamba pa mathiriro a mitsinje ndi m'mabango, momwe mumakhala ng'ona komanso nkhono zofalitsa likodzo.

Mwera umakhudzanso ndiwo. Ukaomba, asodzi sapita pa nyanja ndipo nsomba zimasowa pa msika. Usipa nawo umaphedwa usiku pogwiritsa ntchito nyali, choncho umachepa mwezi ukamawala kwambiri. Wofuna kubwerera ku Chitipa ndi nsomba achite bwino kufika m'masiku a mdima, nyanja ili bata.

Seputembala mpaka Novembala

Sabata zoyambirira za Seputembala zimakhalabe zabwino, koma mwezi ukamapita kumapeto kutentha kumakwera msanga. Mu Okutobala ndi Novembala masana kumapitirira madigiri 30 pafupifupi tsiku lililonse, ndipo masiku ena kumafika pa 35 kapena kuposerapo. Usiku nyumba zamalata sizizizira, ndipo tulo timavuta. Utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaphimba mapiri a tsidya la nyanja.

Ubwino wa nyengoyi ndi woti mwera umakhala utachepa, madzi a m'nyanja amakhala ofunda ndi oyera, ndipo misewu yonse imapitika. Kwa achinyamata ndi mabanja ofuna kusambira, kumapeto kwa Seputembala ndi nthawi yabwino. Akatswiri oyendera ntchito za zomangamanga, milatho ndi mijigo amapindulanso, chifukwa madzi amakhala atatsika ndipo maziko amaoneka.

Koma kwa achikulire, amayi oyembekezera, ana aang'ono ndi odwala matenda a mtima kapena kuthamanga kwa magazi, kutenthaku n'koopsa, makamaka ngati anazolowera kumapiri. Ngati msonkhano sungalephereke m'miyezi imeneyi, uyambe m'mawa kwambiri, upumire masana, ndipo madzi akumwa akhale okwanira. Madalaivala aonetsetse kuti matayala ndi madzi oziziritsa injini zili bwino asanayambe kukwera zitunda za pa M26 pobwerera.

Kuyambira pa 1 Novembala boma limaletsa usodzi wa makoka ena pa nyanja ya Malawi pofuna kupereka mpata woti chambo chiswane. Ogwira ntchito m'boma ayenera kukhala chitsanzo posagula nsomba zophedwa mophwanya lamuloli.

Msinkhu wa nyanja ndi zaka zosiyana

Madzi a m'nyanja amakwera ndi kutsika chaka chilichonse. Amafika pamwamba cha mu Epulo kapena Meyi, mitsinje itathira madzi a dzinja, ndipo amatsikitsitsa cha mu Novembala kapena Disembala. Koma zaka zina amakwera mopitirira muyeso. Mu 1980 nyanja inafika pa mamita pafupifupi 477, ndipo mavuto a madzi a m'zaka zimenezo ndiwo anachititsa kuti tauni yatsopano ya Karonga imangidwe chakumtunda, kusiya tauni yakale kufupi ndi nyanja. Mu 2024 madzi anakweranso kupitirira mamita 476, ndipo nyumba ndi malo ogona alendo ambiri a m'mphepete mwa nyanja m'dziko muno analowa madzi.

Chodabwitsa kwa ambiri chinali choti nyanja inakwera chonchi m'chaka chomwe chigawo cha kummwera chinali pa chilala. Chifukwa chake n'choti nyengo ya El Niño, yomwe imachepetsa mvula kummwera kwa dziko lino, kawirikawiri imaonjezera mvula kumpoto ndi kummwera kwa Tanzania, komwe kumachokera madzi ambiri a m'nyanjayi. Choncho chaka chomwe nkhani za pa wailesi zadzaza ndi chilala cha ku Nsanje ndi Chikwawa chikhoza kukhala chaka cha madzi osefukira ku Karonga.

Nthambi yoona zanyengo imalengeza ulosi wa mvula ya dzinja lonse dzinjalo lisanayambe, ndipo imaperekanso ulosi wa boma lililonse. Wokonza ndondomeko ya maulendo a chaka ayenera kuwerenga ulosi wa Karonga, osati wa Chitipa wokha. M'chaka chomwe nyanja yakwera, ndi bwino kufunsiratu ngati malo ogona a m'mphepete mwa madzi akulandira alendo, ngakhale m'miyezi ya Juni ndi Julaye.

Zivomezi zokha ndizo zilibe nyengo. Karonga ili m'chigwa chachikulu chong'ambika cha kummawa kwa Africa, ndipo mu Disembala 2009 zivomezi zingapo, chachikulu cha mphamvu ya 6.0, zinapha anthu anayi ndi kugwetsa nyumba zambiri. Zimenezi sizigwirizana ndi mvula kapena dzuwa, kotero sizingakhale chifukwa chosankhira mwezi wina kusiya unzake.

Msewu wa M26

Kwa zaka zambiri funso la nyengo yopitira ku Karonga linkayankhidwa ndi msewu. Usanaikidwe phula, ulendo wa m'dzinja unkatha tsiku lathunthu, ndipo nthawi zina galimoto zinkagona m'matope. Ntchito yomanga msewuwu inayamba ndi thandizo la Taiwan, ndipo dziko la Malawi litakhazikitsa ubale ndi China kumapeto kwa 2007, kampani ya China Road and Bridge Corporation inatenga ntchitoyi n'kuimaliza mu 2012. Kuchokera pamenepo ulendowu umatenga maola pafupifupi awiri.

Phula linachotsa matope koma silinachotse mapiri. Msewuwu uli ndi zitunda, zitsetso ndi makona ambiri, ndipo umagwiritsidwanso ntchito ndi galimoto zikuluzikulu, njinga zamoto, njinga zakapalasa ndi ng'ombe. M'dzinja madzi amakokolola dothi n'kulisiya pa phula. M'chisanu, mbali ya kumtunda kumachita nkhungu m'mamawa. Nyengo iliyonse, kuyenda masana ndiko kwabwino.

Malo oyenera kuona

Amene atsala ndi maola angapo ntchito itatha ali ndi zambiri zoti aone, ndipo zambiri mwa izo zimafikirika bwino m'chilimwe. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Cultural and Museum Centre Karonga, yomwe inatsegulidwa mu 2004, ili pakati pa tauni ndipo ingayenderedwe nyengo iliyonse. M'menemo muli chifanizo cha mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chomwe chinkakhala m'derali zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mulinso mbiri ya chibwano cha munthu wamakedzana chomwe chinapezeka ku Uraha mu 1991, chomwe akatswiri amati chili ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni.

Phiri la Mbande, likulu lakale la ufumu wa Kyungu, lili kumadzulo kwa tauni, mbali yomwe msewu wa ku Chitipa umadzera. M'dera lomwelo ndi momwe munali malinga a Mlozi, wogulitsa akapolo yemwe anagonjetsedwa ndi kunyongedwa mu Disembala 1895. M'tauni muli manda a asilikali omwe anafa pa nkhondo ya pa 9 Seputembala 1914, pomwe asilikali a Germany ochokera ku Tanganyika anathira nkhondo Karonga kumayambiriro kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Malo a kunja kwa tauni, monga Mbande, Malema ndi Uraha, amafuna kuyenda pa misewu yadothi kapena wapansi, choncho nthawi yake ndi Juni mpaka Seputembala.

Kalendala ya boma

Kuyambira mu 2022 chaka cha chuma cha boma chimayamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 31 Malichi. Kale chinkayamba pa 1 Julaye ndi kutha pa 30 Juni, ndipo liwiro lomaliza ntchito za chaka linkagwera m'miyezi ya Meyi ndi Juni, kunja kutayera. Tsopano liwirolo limagwera mu Febuluwale ndi Malichi, pomwe Karonga ili pakati pa mvula. Ofesi yomwe yasunga maphunziro, misonkhano yobwereza ntchito ndi maulendo oyendera zitukuko mpaka kumapeto kwa chaka imadzapeza kuti ikuyenera kuzichita m'nyengo yovutitsitsa, mafuta ambiri n'kuthera m'njira, anthu oitanidwa osafika, ndipo malo ena ofunika kuwayendera osafikirika. Paja walira mvula walira matope.

Njira yopewera izi ndi kuika ntchito zonse za kunyanja m'gawo loyamba ndi lachiwiri la chaka cha chuma pomwe ndondomeko ya ntchito ikulembedwa, makamaka kuyambira mu Juni mpaka pakati pa Seputembala, ndi kupempha ndalama zake nthawi ikadalipo. Miyezi ya Januwale mpaka Malichi isiyidwire ntchito za mu ofesi, monga kulemba malipoti ndi kukonza bajeti.

Pali masiku ena ofunika kuwaganizira ngakhale m'nyengo yabwinoyi. Mayeso a boma a sitandade 8, JCE ndi MSCE amalembedwa pakati pa Meyi ndi Julaye, ndipo aphunzitsi, apolisi ndi galimoto za maofesi a zamaphunziro zimatanganidwa. Tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira, pa 6 Julaye, ndi tchuthi. Sukulu zikatsekera kumapeto kwa Julaye, mabanja ndi magulu a mipingo amachuluka kunyanja, choncho malo ogona ndi zipinda za misonkhano za mu Ogasiti zimafunika kusungitsiratu. M'chaka cha chisankho, miyezi yomweyi imakhala ya misonkhano yokopa anthu, popeza chisankho chachikulu tsopano chimachitika mu Seputembala, monga zinalili pa 16 Seputembala 2025.

Mwachidule

Pa misonkhano ndi maphunziro a m'tauni, miyezi yabwino ndi Juni ndi Julaye. Pa ntchito zoyendera midzi ndi kukumana ndi mafumu, nthawi yabwino ndi kuyambira pakati pa Julaye mpaka kumayambiriro kwa Seputembala. Pa ulendo wa banja wokaona nyanja, Ogasiti ndi Seputembala ndi yabwino, bola kutsatira machenjezo a mwera. Pa kugula mpunga, Juni ndi Julaye. Pa kuyendera milatho, misewu ndi zomangamanga, Seputembala ndi Okutobala, ntchito ikuyamba m'mamawa. Malichi ndi Epulo asiyidwire okhawo omwe ntchito yawo ikukhudza mvulayo.

Tsiku lonyamuka lisanafike, m'nyengo iliyonse, wokonza ulendo amve kaye ulosi wa zanyengo wa masiku amenewo, ndipo aimbire foni ofesi yomwe akupitako kufunsa momwe kunja kwachera ndi momwe mitsinje ilili. Thambo la ku Chitipa silinena za ku Karonga, ndipo safunsa anadya phula.